Magemu a RPG abwino koma anthu sawatchula, ndipatseniko mayina

Kachewere_wa_Bembeke

Moni nonse. Ndiyambe ndafotokoza kaye kuti musandipatse zomwe ndikuzidziwa kale. Kuno ku Dedza June wafika, ikangokwana 6 madzulo palibenso zoyendayenda, chifunga chatsika ndiye umangolowa m'bulangete basi. Achimwene anga a ku Joni anandisiyira laputopu yakale, RAM 4GB, graphics card ilibe, ikatentha imalira ngati chigayo cha dizilo. Foni ndili nayo ya Android yawamba. Mpira ndatopa nawo, GTA San Andreas ndaimaliza katatu. Ndikufuna RPG, aja a nkhani yaitali amene munthu wako amayamba ali wofooka nkumakula pang'onopang'ono, kumayenda m'midzi kulankhula ndi anthu. Vuto ukafunsa pa intaneti aliyense amangoti Final Fantasy VII, Skyrim, Witcher 3. FF VII ndinamaliza, Skyrim pa makina angawa imayenda ngati ngolo yodzadza mbatata pamatope, za Witcher 3 tisakambe nkomwe. Ndikufuna aja obisika, okoma koma anthu anangowalambalala. Akhale opepuka, osafuna netiweki, komanso oti ndizitha kuseva pafupipafupi chifukwa batire ya laputopuyi inafa kalekale, magetsi akangozima nayonso thii.

Madala_a_PS1

Mphwanga, Suikoden II. Ngati simuwerenga zina zonse pansipa werengani dzina limenelo.

Ndi ya Konami, inatuluka ku Japan 1998 pa PlayStation yoyamba, ya Chingerezi 1999. Chinaipha ndi chakuti chaka chomwecho kunatuluka Final Fantasy VIII, anthu maso onse anali pa 3D ndi timakanema tija, pamene iyi inabwera ndi tianthu tojambula ta 2D ndiye ambiri anangoti zachikale izi. Madisiki anapanga ochepa, mpaka patapita zaka disiki yakale imagulidwa modula kuposa gemu yatsopano.

Nkhani yake ndi ya anyamata awiri okulira limodzi, iweyo ndi mnzako Jowy, muli m'gulu la asilikali achinyamata la dziko la Highland. Usiku womwe mukuti nkhondo yatha mawa tikupita kwathu, msasa wanu ukuthiridwa nkhondo, ndipo akupha anzanuwo ndi a mbali yanu yomwe, alamula ndi mwana wa mfumu Luca Blight, akufuna anamizire dziko loyandikana nalo kuti nkhondo iyambirenso. Awirinu mukuthawa, mukulemba chizindikiro pamwala kuti tikasiyana tidzakumane pompano, nkudumphira m'mathithi. Kutsogoloko mukupezeka wina mbali iyi wina mbali inayo, aliyense akuona kuti akuchita zabwino. Zotsalazo sindiulula. Koma Luca Blight uja ndi munthu woipa zedi, si zilombo za nyanga zija ayi, ndi munthu weniweni wokonda kupha, ndipo tsiku lomenyana naye mumapanga magulu atatu a anthu 6, kumugwetsa movutikira ngati njati.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi nyumba ya malinga imene amakupatsa. Imayamba ili bwinja, ndiye umayenda dziko lonse kukopa anthu, onse pamodzi alipo 108. Si onse omenya nkhondo. Wina ndi wophika amatsegula lesitilanti mpaka kumachitika mipikisano yophika, wina wosula zitsulo, wina amalima dimba, kamtsikana kena kamaweta ziweto, wina wapolisi wofufuza amene umamulipira kuti akuuze zinsinsi za anzako. Ukamabwerera kuchokera kunkhondo umapeza pamudzi pakula, pali phokoso, ana akuthamanga. Ife a ku Ntcheu timadziwa kuti mfumu ndi anthu, ndiye gemuyi ili choncho basi. Ndinaisewera cha m'ma 2000 pa TV ya chisalu kumbuyo, memori khadi ya mabuloko 15 tikugawana anthu anayi, mlamu wanga anafufuta seva yanga kuti aikepo ya mpira, mpaka lero tikakumana pamaliro ndimamukumbutsa.

Mu March 2025 anatulutsa HD Remaster (yokonzedwanso kuti zithunzi zioneke bwino pa makina atsopano) yophatikiza Suikoden yoyamba ndi yachiwiri, onani kaye ngati makina anuwo angainyamule. Amene anayambitsa magemuwa, Yoshitaka Murayama, anamwalira February 2024 asanaione.

PS_pa_Lizulu

Kkkkk obisika mukutanthauza chani aise? Kuno RPG iliyonse ndi yobisika. Ine ndili ndi kashopu ka magemu pano pa Lizulu, ma TV atatu, ndipo ndikuuzeni chilungamo tsiku la msika palibe mwana amene anabwerapo nkunena kuti ndiikireni Final Fantasy. Ndi mpira, Mortal Kombat, GTA, basi. Ndipo sikuti anawa ndi mbuli ayi, nkhani ndi ya ndalama. Munthu walipira gemu imodzi ya mphindi 10, akufuna amuchinye mnzake anthu akuonerera akuwe, azipita. RPG mphindi 10 zoyamba udakali kuwerenga mayi ako akukudzutsa pabedi kkkk. Ya maola 40 alipira bwanji? Nanga seva yake asunga pati, mawa wina aifufuta. Kuwonjezera apo padi ndi imodzi, wina akusewera anzake asanu angokhala, kwa ine ndi luzi. Ndinayesapo kuika God of War imene ngakhale si RPG, ija inayenda chifukwa magazi ali mbwee kuyambira poyamba. Ndiye amene amadziwa RPG kuno ndi amene anali ndi makina kunyumba kwawo, ndipo tinali angati?

Chachiwiri ndi Chingerezi. Magemu amenewa sali m'Chichewa, ndiye ngati kuwerenga kumakutopetsa umangodina X X X mpaka osadziwa kuti akutuma kuti.

NaNgozo_Ntcheu

A PS pa Lizulu zoona zake ndi zimenezo, koma pa Chingerezipo ine ndinaona mosiyana. Mng'ono wanga amakana kugwira buku koma pa Golden Sun amakhala ndi dikishonale pambali chifukwa akapanda kumva akakamira pamalo amodzi sabata yonse.

Achimwene a ku Bembeke, poti mwati batire ya laputopu inafa, ine ndinganene kuti dalirani foni. Ma emulator (mapulogalamu oseweretsa magemu a makina ena pa foni kapena laputopu) ambiri amalola kuseva paliponse ngakhale pakati pa ndewu. Golden Sun ndi ya Game Boy Advance, 2001, anapanga a Camelot, foni iliyonse imanyamula. Kukoma kwake matsenga ako sagwira ntchito pa ndewu pokha, umasunthira miyala, kumeretsa zomera kuti ukwerepo, kuumitsa madzi akhale chipilala, ngakhale kuwerenga maganizo a anthu m'mudzi (apa ndi pomwe ndimachedwa ine, miseche yokhayokha kkk). Muli tizilombo totchedwa Djinn, 28 mu yoyambayo, ukatisinthasintha pakati pa anthu ako mphamvu zawo zimasinthanso. Yachiwiri yake The Lost Age umasewera ngati Felix amene mu yoyamba anali mbali ya adani, ndiye umayamba kuona kuti mwina olakwa munali inu. Kuti usamutse anthu ako kuchokera yoyamba kupita yachiwiri pali password, yaikulu kwambiri ndi ya zilembo 260. Ndinaikopera mu kope la sukulu pa kandulo, ndinalakwitsa penapake, ndinabwereza katatu ndikutukwana chamumtima. Wina anena kuti Golden Sun inagulidwa kwambiri ndiye si yobisika, chabwino, koma yachitatu Dark Dawn inatuluka 2010 pa DS nkuthera m'malere nkhani isanathe, kuchokera pamenepo zii.

Ina ndi Jeanne d'Arc ya PSP, ya Level-5, Chingerezi 2007, imayenda bwino pa PPSSPP, emulator ya magemu a PSP. Atenga mbiri ya mtsikana wa ku France uja wa ku Orléans 1429 nkuthiramo ziwanda mbali ya Angerezi. Ndewu yake ndi yosinthana, umasuntha anthu pa timabokosi ngati dirafiti, ndiye pa foni ilibe vuto chifukwa sifuna zala zothamanga. Ngati mumatha bawo iyi muikonda, zonse ndi kuwerengera kuti ndikaponda apa mnzanga abwera pati.

Mfana_wa_Linthipe

Onsewa akukupatsani za ku Japan zokhazokha, tiana ta maso akuluakulu. Man muli ndi laputopu, ikani Gothic. Ndi ya ku Germany, Piranha Bytes, 2001, ku Germany ndi ku Poland amailambira koma kwina konse anthu anatengeka ndi Morrowind imene inabwera 2002. Akuponya mu ndende ya mgodi yotchingidwa ndi matsenga, kulowa umalowa koma kutuluka ayi, akaidi analanda ulamuliro nkugawana misasa itatu. Chinthu choyamba chimene chimakuchitikira ndi kulandira chibakera kumaso, ndiwo moni wake. Ulibe dzina, ulibe ulemu, mapu uchite kugula, palibe kamuvi kokuuza kopita, munthu akati pita kuseri kwa phiri ukakhote pa mlatho ndiye uzikumbukira wekha ngati mmene timalozerana njira kumudzi. Ukalowa m'nyumba ya munthu osaodira amakukuwira, ukasolola lupanga pagulu onse amasolola awo. Akakumenya sakupha nthawi zonse, amangokugwetsa nkukusecha m'thumba iwe uli gone kkkk ngati pa depoti usiku. Usiku anthu amakagona, masana amagwira ntchito, ena angokhala pamoto kuwotcha nyama.

Ndiye pakadutsa maola ambiri, uja anakumenya tsiku loyamba ukamugwetsa, kukoma kwake Skyrim singakupatseni.

Imaseva paliponse, 4GB ndi yambiri zedi kwa iyo. Mavuto awiri: mabatani ake ndi amisala, kutola chinthu pansi umagwira Ctrl nkudina kutsogolo, tsiku loyamba mudzafuna kuifufuta, pirirani. Komanso pa Windows yatsopano imafuna patch (kapulogalamu kokonza zolakwika) imene anapanga anthu oikonda. Mukamaliza pali Gothic II, kumeneko kuti alonda akulole kulowa mu tauni ya Khorinis njira ina ndi kukagwira ganyu yokolola kumunda kwa mlimi wina kuti akutsitsire mtengo wa zovala uoneke ngati munthu. Inu a ku Bembeke ganyu yokumba simungaiope. Kampaniyo inatsekedwa 2024.

Pali inanso Vampire The Masquerade Bloodlines ya 2004, inatuluka tsiku limodzi ndi Half-Life 2 ili ndi zolakwika zambiri ndiye sinagulidwe, kampani yake Troika inagwa 2005, koma kalembedwe ka nkhani ndi nyatwa. Kungoti musaseweretse pomwe pali agogo, akaona mukuyamwa munthu magazi pa sikirini mawa mudzi wonse umva kuti kwa a uje kuli namapopa.

Madala_a_PS1

Mfana wa Linthipe, tiana ta maso akuluakulu? Kasewereni kaye mufike pamene Luca Blight akuwotcha mudzi nkumuuza mayi wina kuti akwawe azilira ngati nkhumba kuti amusiye moyo, mubwere mudzanenenso kuti ndi za ana. Koma Gothic ndavomera, ndi gemu.

Mtakataka_265

Palibe watchula ya kuno ku Africa ndiye ndiponyepo. Aurion: Legacy of the Kori-Odan, anapanga a Kiro'o Games ku Yaoundé, Cameroon, inatuluka 2016 pa PC. Enzo ndi mwana wa mfumu ya Zama, tsiku la ukwati wake ndi Erine lomwenso amalongedwa ufumu mlamu wake akumulanda mpando, awiriwo nkuthamangitsidwa. Mphamvu zake amazitenga kwa makolo akale, ndiye zinthu zake sizichita kufuna kukufotokozera, mlamu wolanda ufumu ndi mizimu ya makolo ife tikuzidziwa kale. Mkaziyo samangodikira kupulumutsidwa, mumayenda naye ndipo pa ndewu ndi amene amakuchiritsa. Sindinama kuti ndi yosalala ngati za Konami, pena kudumpha kumavuta, pena Chingerezi chake chimaonekeratu kuti anamasulira kuchokera ku French. Koma anyamata aja amapanga gemuyi magetsi akuwazimira ngati ife tomwe, ndipo inatuluka. Imeneyi ngati mungathe gulani ndithu pa Steam (sitolo ya magemu ya pa intaneti), osangoti ndiponyereni pa flashi.

Kachewere_wa_Bembeke

Zikomo nonse, sindimayembekezera zambiri chonchi. Madala, Suikoden II ndailemba pamwamba, ndikudikira bandulo ya usiku. Achemwali a NaNgozo Jeanne d'Arc yalowa kale mu foni, ndafika pomwe mudzi wawo wapsa. Gothic ndinayamba dzulo, a Linthipe simunaname za mabatani, ndinatha mphindi 20 ndikuzungulira chinthu chili pansi osatha kuchitola. Kenako nditangotsika njira ya ku msasa ndaphedwa ndi chimbalame china chake ngati nthiwatiwa, kawiri. Chachitatu ndinachipha ndithu koma ndisanaseve magetsi thii. Ndiye funso, mbalame zimenezi ndizithawa kaye kapena pali kamenyedwe kake? Komanso pa geti pali mkulu wina akuti ndizimulipira kuti azinditeteza, ndimupatse?

Mfana_wa_Linthipe

Kkkkkk mwalandiridwa man. Mbalamezo ndi ma scavenger, menyani imodzi imodzi, mukaona zitatu pamodzi thawirani kwa alonda azipha okha inu mungotola nyama nkukaotcha pamoto, yootcha imachiritsa kuposa yaiwisi. Osataya ma point pa zinthu zambirimbiri, pezani kaye wokuphunzitsani lupanga la dzanja limodzi, mudzaona ngakhale kagwiridwe kake kasintha. Wa chitetezoyo zili ndi inu, mukakana konzekani kuti tsiku lina wina adzakuitanirani kunja kwa mpanda mokoma ngati mnzanu. Ine sindinalipire ndipo anandimenya bwinobwino. Sevani musanalankhule ndi munthu aliyense wovala zofiira.