Kodi mawu akuti "zinthu zoika munthu pachiopsezo" amatanthauza chiyani?

Wofunsa wa ku Lizulu:
Mayi anga atapita kuchipatala kukayezetsa BP, anauzidwa kuti ali ndi zinthu zingapo zowaika pachiopsezo cha matenda a kuthamanga kwa magazi, ngakhale kuti muyezo wawo sunafike pa 140/90, pomwe achipatala amati BP yakwera. Abwerako ali ndi nkhawa, poganiza kuti matendawa awagwira kale. Kodi mawu amenewa akutanthauza chimene chimayambitsa matenda?

Mlangizi wa zaumoyo, Mtakataka:
Ayi achemwali, n'zosiyana. Mwachitsanzo, malungo amayamba ndi tizilombo timene udzudzu umalowetsa m'magazi ukaluma munthu. Koma kugona kunja kwa neti, kukhala kuno kunyanja kumene udzudzu umaswana kwambiri kuposa kumapiri a ku Dedza, ngakhalenso kukhala woyembekezera, ndi zinthu zimene zimachulukitsa mpata woti munthu adwale kapena matenda amukulire. Wina angakhale nazo zonsezi osadwala, pamene mnzake wosamala angadwale atalumidwa usiku umodzi pamaliro. Choncho mayi anu achenjezedwa chabe, sanapezeke ndi matenda.

Bambo wa ku Bembeke:
Ndiwonjezepo kuti pa nkhani ya BP, zina mwa zinthu zoika munthu pachiopsezo sitingazisinthe, monga kukalamba kapena kubadwira kumtundu kumene vutoli lilipo. Zimene zili m'manja mwathu ndi fodya, kachasu, kunenepa kwambiri ndi mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi tiyisupuni imodzi yokha, ndipo pamenepo mukuwerengera wothira m'ndiwo pophika, wowonjezera pambale nsima itafika kale, ndi uja timawaza pa chipisi cha pachiwaya.

Namwino wopuma, Ntcheu:
Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ena amatenga mawuwa ngati chida chowerezira anzawo milandu. Mwachitsanzo, amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe, koma ife tikamanena zimenezi cholinga chathu chimakhala chakuti akayezedwe msanga ndiponso pafupipafupi, osati anthu aziwaloza zala pachitsime. Mayi anuwo achepetse mchere ndipo azipitabe kukayezetsa ngakhale akumva bwino m'thupi, chifukwa BP imatha kukwera kwa zaka zambiri mwini wake osamva kupweteka kulikonse.