Namasupuni m'makayaki, Loweruka ndili ndi alendo ku Cape

Wa pa Mlatho: Akuluakulu, thandizeni msanga. Makayaki anga (timabwato ta pulasitiki topalasa) asanu ndi imodzi akhala masabata atatu mu Shire, kumunsi kwa mlatho wa Mangochi cha ku Malombe. Loweruka akufunika ku Cape Maclear. Lero ndatsegula zivundikiro, mizu ya namasupuni ili tho pansi pa mipando, m'zingwe, mpaka pa ekiselo ya tirela. Tinkhono tamatirira m'timabowo totulutsira madzi. Mnyamata amene ndinamusiyira ntchito anangokhuthulira ndowa imodzi n'kuti zayera. Jik kapena madzi otentha? Anditsalira masiku atatu okha.

Madala a ku Liwonde: Dzuwa basi, achimwene. Agadabuzeni pamchenga, muwasiye. Ndapalasa Shire tsitsi lisanachite imvi, bwato sindinalisambitsepo ndi mankhwala.

Mayi a ku Chembe: Madala, bwato lanu lachikuni silikwera tirela. Limagona pomwe limagwira ntchito. Awa akunyamula zinthu za mumtsinje kukaziika m'paki ya Lake Malawi National Park, kuno ku Cape Maclear. Shire amatuluka m'nyanja, ndiye chomera cha ku Malombe sichingakwere chokha kufika kuno, chimabwera ndi ife. Paki ino ndi ya 1980, UNESCO inailemba mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna zomwe alendo anuwo akudzaonera. Chonde musadzatsukire pagombe pano. Tsukirani konko, patali ndi madzi, zonyansazo mukwirire kapena muziumitse n'kuziotcha.

Wa pa Mlatho: Zakutsukira kuno ndamva, mayi. Koma ndi chiyani?

Wa Injini: Yambani ndi manja ndi bulashi, musathamangire mankhwala. Chotsani mipando, zingwe muzimasule. Kayaki muiimike chadodolido madzi onse am'kati atuluke, chifukwa timbewu timatsalira mmenemo. Ku New Zealand, ndere ya didymo itapezeka mu 2004, anakhazikitsa zoti uyang'ane, utsuke, uumitse. Bulichi, monga Jik, amaika magawo awiri pa 100 a madzi, osachepera mphindi imodzi, ndipo chinthu chikauma amachisiyabe maola 48. Koma muyezowo ndi wa ndere yawoyo. Mbewu ya namasupuni ndi yolimba, imagona m'matope zaka zambirimbiri n'kudzamera. Iyoyo mankhwala musawadalire, ichotsedwe ndithu.

Madala a ku Liwonde: Ku New Zealand kulibe dzuwa la ku Mangochi.

Mayi a ku Chembe: Dzuwa liumitsa kunja, Madala. Nanga m'kati mwa jekete yoteteza kumira? Siponji imasunga chinyezi masiku angapo. Komanso pulasitiki ukaiyanika nthawi yaitali padzuwa lamphamvu imapindika. Ine makayaki awiri anandipindikira pansi, mpaka lero amakokera kumanzere.

Wa ku Nsanje: Inu mukukamba za mipando, ife kuno ku Elephant Marsh udzuwu unatigoneka panja. Tinalowa m'mawa njira ili yotseguka, masana mphepo yasintha, namasupuni watseka kumbuyo ngati chitseko. Nkhafi osalowa, mponda osafika pansi. Tinagona m'bwato, udzudzu ukutidya, mvuu zikulira pafupi. Mnzanga anafuna kutsika kuti akankhe, ndinamukoka malaya. Pansi pa udzu umenewu ng'ona suiona.

Wa Injini: Eya, ndipo pa boti la injini pulopela imakulunga mizu ija, polowera madzi oziziritsa n'kutsekeka. Ukaona injini yasiya kukodza, zimitsa pompo. Ina ndinaiwotcha choncho. Za Jik ndiwonjezere: musaviike majekete ndi zingwe, amadya ulusi, ndipo mphira wa zivundikiro umauma n'kung'aluka. Nsaluzo sopo ndi madzi otentha. Musamasakanizenso Jik ndi mankhwala ena, mpweya wake ndi woopsa.

Mayi a ku Chembe: Tinkhonoto musatigwire chimanjamanja mutaima m'madzi osayenda. Mitundu ina ndi imene imasunga likodzo. Mnyamatayo mum'patse magolovesi ndi majombo.

Madala a ku Liwonde: Zonsezi n'zowononga ndalama. Pa baraji ya Kamuzu pano namasupuni amautchinga, amauvuula ndi makina, mawa wabweranso wina. Anabweretsa tizilombo toudya masamba m'ma 1990, udzu ulipobe. Ukatseka ku Nkula magetsi amazima dziko lonse. Ndiye ndowa ya Jik ndi imene ipulumutse nyanja? Dzuwa, achimwene.

Wa Injini: Madala, zimene mwanenazo ndiye chifukwa chake. Ukalowa sutuluka, m'masabata awiri umatha kuwirikiza. Tizilombo tija timaufooketsa, sitiumaliza.

Madala a ku Liwonde: Ine ndanena.

Wa ku Nsanje: Tirela musaiwale. Anthu amapukuta kayaki mpaka kuwala, tirela n'kuilowetsa chambuyo m'nyanja ili ndi matope a ku Malombe m'matayala.

Wa pa Mlatho: Madzi otentha okwana makayaki onsewa ndiwapeza kuti, magetsi azima chim'mawa? Nkhuni mtengo wake mukuudziwa.

Wa Injini: Mgolo umodzi wa majekete ndi zingwe ukwana. Paja tirela yanuyo ndi ija ya mabeyaring'i olira? Ngati mukudutsa ku Monkey Bay Lachisanu mundinyamulireko injini ya boti ya mahosipawa 15, mwini wake wandivutitsa sabata yonse.