Masalamusi a amajiki: tiulule kwa ana kapena tiwasiye eni ake azidyerapo?

Mphunzitsi_Std7

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Munthu ukadziwa mmene masalamusi amachitikira, kodi ndi bwino kuulula poyera, kaya m'kalasi kaya pa Facebook, kapena kumeneko n'kulanda mnzako nsima pakamwa?

Ndimaphunzitsa sayansi Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Dedza, chakumalire ndi Mozambique. Mwezi watha kunabwera wamajiki, ngati aja tinkawaonera tili ana. Ana analipira kandalama pakhomo, mawindo anatsekedwa ndi zitenje, bambo n'kuyamba zawo. Anasowetsa kampango kofiira m'chibakera, analumikiza mphete zachitsulo zooneka zopanda polowera, anatulutsa dzira m'kathumba kopanda kanthu, ndipo pomaliza anapinda mapepala a kope n'kuwasandutsa ma K1,000. Ana anakuwa ndi chimwemwe. Inenso ndinaseka, sindinama.

Kutacha nkhani inali itasintha. Ena amati bambo aja ali ndi chithumwa m'chiuno, ena amati anakakhwimira ku Mozambique, ena amati ndalama zija zinachoka m'matumba a makolo awo mwa chitaka. Mtsikana wina, wanzeru bwinobwino m'kalasi, anakana kukhala pa desiki yomwe panaikidwa kathumba kaja.

Zina mwa izi ndimazidziwa chifukwa zili mbwee pa YouTube. Kampango kamalowa m'kachala kabodza kapulasitiki komwe amavala ku chala chachikulu. Pa mphete zija, imodzi ili ndi mpata womwe amauphimba ndi dzanja, zina n'zolumikiziratu. Ndinakumana nawo bambowo pamsika n'kuwauza kuti ndikufuna kufotokozera ana. Anandigwira mwendo. Akuti masukulu a zoni ino ndiye munda wawo, mwana mmodzi akadziwa mawa sukulu yonse yadziwa, ndiye chaka chamawa adzaonetsa chiyani? Ndi munthu waulemu, ali ndi banja. Koma inenso boma limandilipira kuti ana azifunsa kuti chinthu chachitika bwanji. Nditani?

Makadi_Joni

Aphunzitsi, mukufunsa ngati muulule pomwe mwaulula kale ziwiri pompano! Ndaseka.

Ine ndiyankha ngati mwini ntchito. Mkati mwa sabata ndimagwira mu lesitilanti ku Randburg, Loweruka ndimachita masalamusi m'mapwando a ana. Yankho langa ndi lakuti musaulule za bambo amenewo.

Anthu amaganiza kuti chinsinsi ndiye ntchito yonse. Ayi. Kachala kapulasitiki ndi kotchipa, aliyense angathe kugula. Chovuta ndi kuyeserera pagalasi mpaka dzanja lizioneka lopanda kanthu, kudziwa nthawi yoseketsa anthu kuti maso awo achoke pomwe pali ntchito. Inu mukaulula, mwana sapeza lusolo. Amangotaya kudabwa kuja, n'kutsala ndi mawu akuti "aaa, kani ndi zimenezi basi?" Ulendo wina akaona wamajiki amayamba kukuwa kuti "zili ku chala! zili ku chala!" n'kuwonongera anzake onse omwe alipira.

N'chifukwa chake ku London kuli bungwe la Magic Circle, lomwe linayamba mu 1905, ndipo wolowamo amalonjeza kusaulula. Sasewera nazo. David Devant, yemwe anali pulezidenti wawo woyamba, anamuchotsa m'zaka za m'ma 1930 atalemba zinsinsi zoti aliyense awerenge. Ngakhale Mfumu Charles ya ku Britain, kuti alowe mu 1975 akali kalonga, anayamba waonetsa kaye sewero la makapu ndi timipira. Ku America mu 1997 TV ya Fox inabweretsa munthu wovala chigoba yemwe ankaulula masalamusi akuluakulu. Mu 1998 anavula chigobacho, anali Val Valentino, ndipo ankati amafuna kuti amajiki asiye ulesi, apeke zatsopano. Zabwino kwa a ku Las Vegas omwe ali ndi ndalama zogulira zipangizo zina. Nanga bambo wa ku Dedza woyenda pa njinga ndi kathumba kamodzi?

Sindikunena kuti nzeruzi zikwiriridwe. Mabuku alipo, mashopu alipo. Ku Cape Town kuli College of Magic, yomwe inayamba mu 1980, ndipo imaphunzitsa ana ambiri ochokera m'malokeshoni. Wofuna kuphunzira amachita kupita yekha, n'kuvutikira. Zimenezo n'zosiyana ndi kukankhira yankho m'maso mwa munthu yemwe sanafunse.

Namwino_wa_ku_Mulanje

Achimwene a ku Joni, ku phwando lanu la ku Randburg palibe mwana amabwerera kunyumba akukhulupirira kuti mwakhwima. Makolo ake amadziwa kuti alipira zisudzo. Kuno si choncho, ndipo aphunzitsi anena kale: ana atchula chitaka.

Ine ndimaona mapeto ake kuchipatala. Mayi amabwera ndi chotupa cha bere chitaphulika kale, kapena bambo wa TB ataonda zomvetsa chisoni. Ukafunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi, amati tinali kwa sing'anga, ndipo anatulutsa chomwe chinali m'thupi. Amatema mphini, amaumika, kenako m'mbale mumagwa singano, tsitsi, kachikopa, mwina kafupa. Wodwala waona ndi maso ake, ungamuuzenso chiyani? Koma luso lake ndi lomwelo la kampango kofiira: chinthu chinali kale m'dzanja kapena m'kamwa. Ku Philippines kuli anthu omwe anatchuka dziko lonse ndi "opaleshoni yopanda mpeni", ndipo zomwe ankatulutsa m'mimba mwa anthu zinkapezeka kuti ndi magazi ndi zam'kati mwa ziweto. Sindikunyoza asing'anga onse, ena amadziwa mitengo ndipo amatitumizira odwala msanga. Ndikunena aja otulutsa zinthu.

Choopsa chimabwera pambuyo pake. Singano ikatuluka, funso limakhala lakuti anaiponya ndani, ndipo chala chimaloza agogo a kuseri kwa nyumba. Mu January 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana. Mu 2017 kuno ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo anthu anaphedwa pa mphekesera za anamapopa, mpaka a United Nations anachotsa antchito awo ena. Ife ovala yunifolomu tinkaopa kunyamula ngakhale chida choyezera BP popita kumudzi.

Ndipo mbiri ya ntchito yanuyi ili mbali yanga. Limodzi mwa mabuku oyambirira a Chingerezi ofotokoza masalamusi linatuluka mu 1584, wolemba wake Reginald Scot, ndipo cholinga chake chinali kuonetsa oweruza kuti zimene ankazitcha ufiti zambiri zinali luso la manja, kuti asiye kupha azimayi okalamba osauka. Wamajiki wotchuka Harry Houdini m'zaka za m'ma 1920 ankayalutsa anthu onama kuti amalankhula ndi akufa. James Randi, wamajiki mnzanu, mu 1986 anagwira mlaliki wa ku America Peter Popoff, yemwe ankatchula mayina, ma adilesi ndi matenda a anthu mu msonkhano ngati wauzidwa kumwamba. Chonsecho anali ndi kachida m'khutu, mkazi wake akumuwerengera pa wailesi zomwe anthuwo analemba okha pa makadi a mapemphero. Ndani akanagwira zimenezo kupanda munthu wodziwa masalamusi wololera kuulula?

Aphunzitsi, ululani zonse. Ana a Sitandade 7 ndi omwe adzakhale akuweruza milandu ya m'mudzi zaka zikubwerazi.

Agogo_a_ku_Kasiya

Wawa aphunzitsi. Ine ndine wa kale, foni iyi anandiphunzitsa ndi mdzukulu.

Ndine Mchewa wometa. Za kudambwe sindinganene pano kapena pena paliponse, ndipo wondifunsa ndimangomuseka. Gule Wamkulu a UNESCO anamuzindikira mu 2005, azungu amabwera kudzajambula, ku Mua kuli nyumba yoonetsera zigoba zambirimbiri, koma chinsinsi chili ndi eni ake ndipo chimanenedwa pa nthawi yake, kwa munthu woyenera. Ana a masiku ano amaona ngati chilichonse chobisika ndi bodza loyenera kuyalutsidwa. Si zoona.

Mawu anga ndi amodzi. Munthu uja anakugwirani mwendo, ndiye kuti anakupatsani ulemu. Musamuzembere. Muitaneni, mukhale pansi ndi ahedi, mumuuze za mtsikana wokana desiki uja. Mwina iye sadziwa zomwe amasiya m'mbuyo akakwera njinga.

Namwino_wa_ku_Mulanje

Agogo, za gule ndalemekeza, ine ndine Mlhomwe ndipo nafenso tili ndi zathu za kuchinamwali. Koma gule salipiritsa munthu mbuzi kuti amuchotse khansa.

Wa_Malamulo_Zomba

Ndiponyeko mbali ya malamulo mwachidule, ndine wophunzira chabe. Aphunzitsi, kufotokoza mmene sewero limachitikira si mlandu. Ngakhale kunja amajiki alephera kuteteza zinsinsi kukhoti. Wamajiki Horace Goldin analembetsa patent (chikalata cha boma choteteza luso lomwe munthu wapeka) ya sewero lodula mkazi pakati ndi sowo mu 1923. Mu 1933 kampani ya fodya wa Camel inayamba kuulula masalamusi m'malonda ake, Goldin anakasuma, koma analuza, chifukwa polembetsa patent anali ataulula yekha, zikalatazo aliyense amatha kuwerenga. Mu 2018 wamajiki wotchuka David Copperfield anakakamizika kuti khoti la ku Las Vegas limve mmene ankasowetsera anthu 13 pa siteji, mlendo wa ku Britain atasuma kuti anavulala. Zinadziwika kuti anthuwo ankangothamangitsidwa m'tinjira ta kuseri kwa hotela n'kukatulukira kumbuyo kwa oonerera.

Kwathu kuno lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, limaletsanso munthu kudzionetsa ngati ali ndi mphamvu za ufiti. Ndiye funso lofunika n'lakuti bambowo amawauza chiyani ana poyamba. Amati ndi luso, kapena amati ndi mankhwala?

Makadi_Joni

Anamwino, pa za otulutsa singano tili limodzi, amenewo ayalutseni, ndingakuthandizeni. Koma musaganize kuti kuulula kumatha zonse. Popoff yemweyo anagwa mu 1987, patapita zaka anabwereranso pa TV ndi madzi a zozizwitsa, anthu n'kumatumizanso ndalama. Kuno mu 2019 dziko lonse linaseka kanema wa munthu "woukitsidwa" m'bokosi pa tchalitchi china ku Johannesburg, makampani a zamaliro mpaka anadandaula poyera kuti anapusitsidwa, koma matchalitchi a zozizwitsa sanaphwe. Nanga a makadi atatu m'madepoti? Aliyense amadziwa kuti omwe akuwina ndi anzake a woponyayo, koma tsiku lililonse wina amasiya ndalama ya basi.

Chimodzi ndivomera. Sewero la mapepala osanduka ndalama ine sindichita pamaso pa anthu akwathu. Ndinaliona likugwiritsidwa ntchito ndi aja ochulukitsa ndalama: amakuonetsa kamodzi ndi ndalama yochepa, iwe n'kubweretsa yonse ya feteleza, amaika mu envelopu n'kukuuza kuti usatsegule mpaka Lachisanu. Ukatsegula ndi nyuzipepala zodula bwino. Limenelo aphunzitsi mukaulula sindikwiya.

Mphunzitsi_Std7

Zikomo nonse. Agogo, ndinatsata mawu anu, tinakhala pansi atatu ndi ahedi.

A malamulo, funso lanu ndinalifunsa. Bambowo sanena kuti ndi mankhwala, koma sanenanso kuti si mankhwala. Amayamba ndi kuwaza madzi m'makona a kalasi ndi kung'ung'udza mawu osamveka. Nditawafunsa chifukwa chake, anayankha mosabisa kuti ana amabwera ambiri akamaganiza kuti pali zakukhwima, ndipo akangonena kuti ndi luso la manja ndalama ya pakhomo itsika. Apa ndi pomwe chisoni changa chinachepa pang'ono. A Makadi, inu mumagulitsa kudabwa, awa akugulitsanso mantha pambali, ndipo mantha amenewo amatsala ndi ine Lolemba m'mawa.

Ahedi anagamula kuti akafuna kudzabweranso asiye zowaza madzi, ndipo anene yekha pamaso pa ana, poyamba ndi pomaliza, kuti zonse n'zophunzira ndipo palibe mankhwala. Anavomera monyinyirika. Ine ndalonjeza kuti za dzira, mphete ndi kampango sindiphunzitsa m'kalasi, mwana wozifuna akazifufuze yekha. Anamwino mundikhululukire, sindinafike pa "zonse". Koma za ndalama ndawauza bambowo maso ndi maso kuti ndiulula, ndipo ndiwapangitsa ana kuti aliyense apange yekha: ndalama imapindidwa n'kumatidwa kuseri kwa pepala, popinda umangotembenuza kaphukusiko. Pa ichi sitinagwirizane, anachoka osatsanzika bwino.

Ndawonjezapo ziwiri zanga zomwe sizikhudza munda wa munthu. Kulemba dzina papepala ndi madzi a mandimu, likauma osaoneka, kenako n'kuliwamba pa kandulo kuti zilembo zituluke. Ndiponso madzi a chikasu omwe amasanduka ofiira ngati magazi ukathiramo sopo wa ufa kapena laimu wopakira nyumba. Zonsezi zimalowa bwino pa phunziro la ma asidi ndi ma besi.

Anamwino, kodi alipo wa zaumoyo kumbali kuno yemwe angabwere kudzalankhula ndi kalasi za chifukwa chomwe singano singayende yokha kulowa m'thupi la munthu? Ndikanena ine ana amati ndi za m'buku. Ndilembereni ku inbox ngati mukudziwa wina wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, tsiku labwino ndi Lachitatu masana.