Netiweki ikumaduka wosewera mmodzi akamagonja mu ligi ya eFootball, titani?

Wofunsa, Mchinji Boma:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ligi yathu ya eFootball, gemu ya mpira wa miyendo ya pa foni, ili ndi osewera 16, aliyense amaponya K2,000 pa Airtel Money kapena Mpamba. Pali wosewera mmodzi amene akangotsalira ndi chigoli chimodzi m'chigawo chachiwiri, gemu imayamba kugwiragwira kenako n'kudukiratu. Akamatsogola, zonse zimayenda myaa. Iye akuti ndi netiweki. Anzake akuti achotsedwe. Umboni wake tingaupeze bwanji osamunamizira munthu?

Yankho loyamba:
Achimwene, musathamangire kumuchotsa. Ngati amakhala kufupi ndi boda ya Mwami, foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Zambia, data n'kuima. Alowe mu settings, achotse automatic pa kusankha netiweki, asankhe yekha ya kuno. Azimitsenso battery saver ndi auto-download ya WhatsApp, chifukwa kanema wa pa gulu akamalowa mkati mwa gemu, mpira umagwira. Foni ikatentha imachitanso chimodzimodzi, makamaka akamasewera ili pa chaja.

Yankho lachiwiri:
Zoona, koma netiweki sidziwa zigoli. Lembani masewera ake onse: mphindi imene gemu inaduka, ndi amene ankatsogola. Zikapezeka kuti imaduka iye yekha akamagonja, nkhani ilipo.

Njira yodziwika yodulira gemu dala ndi yotsitsa chinsalu cha pamwamba pa foni n'kudina airplane mode kapena kuzimitsa data kwa masekondi ochepa. Imeneyo screen recording imaigwira, bola onse awiri ajambule kuyambira pomwe akulowa mu Match Room (malo a mu gemu okumanirana osewera) mpaka wezulo yomaliza. Yovuta ndi ya hotspot: foni yosewerera imalumikizidwa ku foni ina, ndipo mnzake amene wakhala pambali ndiye amazimitsa ndi kuyatsa data. Kanema wa wosewerayo saonetsa kanthu. Ndiye lamulo likhale loti kumayambiriro kwa kanema aliyense aonetse kuti Wi-Fi ndi yozima ndipo akugwiritsa ntchito data ya simu yake. Kanema wodulidwa pakati musamulandire ayi. Kuti bandulo isathe, atumize kwa admin pokhapokha pakhala dandaulo, ndipo atumize ngati document kuti zolemba zizioneka bwino.

Wofunsa:
Nanga gemu yaduka kale, zigoli tiziwerenga bwanji?

Yankho lachiwiri:
Musabwereze kuyambira 0-0, poti ndi zimene wakubayo akufuna. Ikaduka pa mphindi 70 zili 2-1, ayambe gemu ina, asewere mpaka wotchi ifike pa 20, zigoli ziwonjezedwe pa 2-1 uja. Amene wadukitsa kachiwiri mu gemu yomweyo wagonja 3-0, kaya ndi dala kaya ayi. Lembani zimenezi ndipo aliyense avomereze asanaponye ndalama.

Yankho lachitatu:
Onjezani ya kubwereketsa akaunti, imeneyi ndiye yafala. Munthu amapereka foni kwa katswiri wa pa malo awo kuti amusewerere. Sungani User ID (chizindikiro cha akaunti) ya aliyense, ndipo kuyambira semi final asewere pamaso panu, mafoni awiri pa tebulo limodzi. Wa kutali, ngati ku Kamwendo kapena Mkanda, aike foni yachiwiri pa video call yoonetsa nkhope ndi zala zake gemu yonse.