Anthu anaseka filimu ya mlongo wanga mpaka misozi, pano a DJ akufuna kuigula. Timuuze chiyani mwanayu?

A admin ndibiseni dzina chonde, anthu a kudera kwathu ndi ambiri mugulu muno.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa kaunjika pamsika wina muno mu Lilongwe. Nkhani ndi ya mlongo wanga wamng'ono wa zaka 24, yemwe ndakhala ndikumulera chimwalirireni mayi athu. Mwanayu mtima wake uli pa mafilimu chiyambire ali ku pulayimale. Ndalama ya kuchigayo inkathera ku vidiyo shoo, mbama ankalandira koma mawa lake ali komweko. Chaka chatha anandigwadira kuti ndimuthandize apange filimu yakeyake ya ndewu. Ndinakatenga K450,000 ku banki mkhonde, iye n'kuonjezera zimene amapeza akamathandizira ojambula maukwati.

Nkhani ya filimuyo ndi yobwezera. Zigawenga zapha bambo a mnyamata wa kabaza n'kulanda njinga yamoto, mnyamatayo wathawira kuphiri kukaphunzira karate kwa agogo ena, kenako wabwerera kudzawamaliza mmodzimmodzi. Mwini filimu ndi iye yemwe, wolemba ndi iye, woduladula pa laputopu ndi iyenso. Anajambula miyezi inayi ndi mafoni awiri, Lamlungu lililonse anthu akaweruka ku tchalitchi.

Tsiku loonetsa tinachita lendi vidiyo shoo ya mdera mwathu, pakhomo K500. Munadzadza, ena anaima kumbuyo. Ine ndinavala chitenje chatsopano, ndinakhala benchi yakutsogolo ngati mayi wa mkwati.

Abale, kuseka kunayamba mphindi zisanu zisanathe. Bambo aja atawomberedwa anagwa pansi bwinobwino, koma magazi ake anali tomato sosi ndipo ntchentche zinali zitafika kale. Pa maliro mtembo unkaoneka mimba ikukwera n'kutsika pansi pa nsalu. Namfedwa akulira chogubuduka, kumbuyo kukumveka jenereta ya barber shop ndi tambala, mawu ake osamveka olo limodzi. Wina kumbuyo anakuwa kuti "malemu akufuna phala!" nyumba yonse inagwa nalo phwete. Bwana wa zigawenga analowa m'nyumba atavala malaya ofiira, potuluka ali ndi jezi ya mpira. Mfuti zinali zamatabwa zopaka polishi wa nsapato, ina inathyoka pakati pa nkhondo mwini wake n'kupitiriza kuwombera ndi chidutswa. Chibakera chikudutsa patali chonchi, munthu n'kugwa patapita kanthawi ngati wachita kukumbutsidwa. Ndisaname, nanenso ndinaseka, ndinachita kudziluma chitenje. Nditacheuka ndinaona mlongo wanga waima pakhomo manja ali m'thumba, nkhope gwaa. Sanadikire kuti ithe.

Wina anajambula ka gawo ka maliro kaja pa foni, pano kakuzungulira pa WhatsApp ndi TikTok. Mtsikana amene anasewera namfedwa akumuitana "mai a malemu opuma" akapita kotunga madzi. Mlongo wanga sabata yachitatu ino sakutuluka m'nyumba masana, nsima amadya usiku.

Tsono dzana kunabwera mmodzi mwa a DJ otanthauzira mafilimu m'Chichewa aja. Akuti filimuyi ndi golide. Akufuna atipatse K150,000 aitenge yonse, aikemo mawu ake oseketsa, aigawe kwa oika mafilimu m'mafoni ndi m'ma memori khadi. Ine ngongole ikundidikira, gulu lathu limagawana mu Disembala ndipo chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse mwezi ndi mwezi. Mlongo wanga akuti bola aifufute kusiyana n'kuti bambo ake a mufilimu asanduke chidole. Ndimukakamize? Nanga ndimuuze zoona kuti filimuyo inalidi yoipa, kapena ndizingoti anthu ndi ansanje ngati mmene ndakhala ndikunenera? Ndithandizeni nzeru, zonyoza ndamva zokwana.

NDEMANGA

Wa minibasi ya Kawale: Kani malemu opuma aja ndi akwanu? Sisi ine ndaonera ka 20, ndikafooka ndi moyo ndimakatsegula. Part 2 liti?

Mwini funso: Achimwene, ndanena kuti zonyoza ndamva zokwana.

Wa minibasi ya Kawale: Sindikunyoza ayi, bandulo yanga ndinagula ndekha kuti ndikaonere. Mafilimu angati achimalawi amene ndinawabwereza ka 20?

Wojambula maukwati ku Mzuzu: Achemwali, bodza la nsanje lija lisiyeni lero. Mukamuuza kuti ndi nsanje ndiye kuti palibe choti akonze, ndipo iye mwini akudziwa kuti mukunama chifukwa anakuonani mukuluma chitenje. Zimene mwatchulazo zonse zili ndi mankhwala, ndipo ambiri mwa mankhwalawo ndi aulere. Choyamba ndi mawu. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu osamveka sapirira, amayamba kudzipangira okha zoyankhula ngati anachitira wa phala uja. Foni yachiwiri ija asamajambulire chithunzi, aziiika m'thumba la malaya la woyankhula kapena aimangirire ku nsungwi pamwamba pa mutu, kunja kwa chithunzi. Asanayambe gawo lililonse wina awombe m'manja kamodzi, kuti pa laputopu alumikize mawu ndi chithunzi pa phokoso limenelo. Za chibakera, kamera isamaime pambali pomwe mpata ukuonekera, iziima kumbuyo kwa phewa la womenya kapena la womenyedwa. Chibakera cha mufilimu amachigulitsa ndi womenyedwayo, mmene waponyera mutu, ndi kaphokoso kamene mumaika pambuyo. Menyani kabichi ndi chibakera pafupi ndi foni mumve. Za malaya, akamaliza tsiku azijambula aliyense chithunzi mmene wavalira. Mtembo aziujambula masekondi ochepa munthu atagwira mpweya, kapena angoonetsa mapazi basi.

Wojambula maukwati ku Mzuzu: Ndinaiwala. Magazi ndi manyuchi a shuga kapena golden syrup, utoto wofiira wa makeke, ndi ka khofi pang'ono kuti ade. Tomato sosi amawala ngati malalanje pa kamera. Koma ntchentche zibwerabe, azijambula msanga.

Mphunzitsi wopuma ku Zomba: Mwana wanga, ine za makamera sindizidziwa. Chandikhudza ndi masabata atatu osatuluka ndi kudya usiku. Nkhani ya DJ ndi ngongole iyambe yadikira. Mukhale naye pansi, musayambe ndi ndalama, mumufunse mmene akumvera ndipo mumulole ayankhule. Ngati pali malume kapena mnzake amene amamumvera, muitaneni. Akayamba kuyankhula zotopa ndi moyo musazitenge ngati nthabwala, pitani naye kuchipatala. Anyamata ambiri amangoti zii pamene mkati mukuyaka.

Mmalawi wa ku Johannesburg: Muonetseni za ku Uganda. Ku Wakaliga, dera la anthu osauka mu Kampala, kuli bambo wina dzina lake Nabwana Isaac, malo ake amawatcha Wakaliwood. Mu 2010 anatulutsa Who Killed Captain Alex? ndi ndalama zosaposa madola 200. Mfuti zopanga ndi zitsulo zotola, kompyuta yolumikiza yekha, helikopita yooneka kuti ndi yabodza ngakhale kwa mwana. Magazi poyamba ankagwiritsa ntchito a ng'ombe mpaka wosewera wina anadwala, n'kusinthira ku utoto wa zakudya wothira m'makondomu. Ndipo chimene anthu kunja anachikondera kwambiri ndi mawu a VJ Emmie, amene amayankhula pamwamba pa filimuyo n'kumaiseka, ndendende ngati a DJ athu. Anthu mamiliyoni anaionera pa YouTube, ndipo mu 2019 filimu ina ya bamboyu inakaonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu ku Toronto. Ukaipa dziwa nyimbo. Mlongo wanu ali ndi chinthu chimene anthu akutumizirana okha osawapempha.

Wophunzira ku yunivesite: Koma musasokoneze zinthu. Nabwana amadziwa kuti akupanga zoseketsa, nthabwalazo ndi zake ndipo VJ ndi mnzake wogwira naye ntchito. Apa mnyamata analemba imfa ya bambo ndi mtima wonse, mwinanso akuganiza za makolo ake enieni, anthu n'kumuseka. Kuseka naye ndi kumuseka ndi zinthu ziwiri. Komanso pa Wakaliwood mmodzi pali anyamata mazana amene anasekedwa sabata imodzi n'kuiwalika.

Mmalawi wa ku Johannesburg: Zoona, koma asekedwa kale. Funso ndi loti ndalama ya kusekako idye ndani.

Mwini funso: Wophunzira mwandilasa. Bambo athu anamwalira pa ngozi ya njinga iye ali ndi zaka 9. Sindinaziganizepo mpaka pano.

Mlembi wa kwa loya: Za DJ zija, mawu oti "aitenge yonse" ndi amene akundiopsa. Filimu ndi katundu, lamulo la Copyright la 2016 limateteza mwini wake, ndipo kugulitsa umwini ndi kosiyana ndi kupereka chilolezo. Mukagulitsa umwini pa K150,000, mawa ikaphulika mulibe chonena. Mupatseni chilolezo cha miyezi yowerengeka, cha mtundu wa mawu ake okhawo, dzina la mlongo wanu lizioneka koyambirira ndi kothera, filimu yoyambayo ikhale yanu. Mulembe papepala, mboni ziwiri zisaine. Mukhozanso kukafunsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Ndipo amene angasaine ndi mlongo wanu, osati inu, ngakhale ndalama inali yanu. Chinanso, ngati munaikamo nyimbo za oimba ena popanda chilolezo, zichotseni isanapite patali, YouTube imazizindikira yokha. Kuonetsa filimu pagulu kumafunanso chiphaso cha a Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, lamulo lake ndi la 1968 koma likadalipo.

Mayi wa salon ku Chilomoni: Nonse mukukamba za mnyamata ndi DJ, nanga mtsikana wa namfedwa uja? Anamulipira? Anavomera kusewera filimu yachisoni, sanavomere kuti nkhope yake ikhale m'foni ya aliyense DJ akumutcha maina. Inu mukudziwa pakamwa pa a DJ ena pakaoneka mkazi. Mufunseni kaye iyeyo ndi makolo ake, ndipo ngati pali ndalama nayenso alandireko.

Mwini funso: Anangodya nsima ndi K5,000 ya sopo. Mwanena zoona mayi, ndipita kwawo mawa.

Wa kabaza ku Area 25: Ine langa ndi la mfuti zamatabwa. Ulendo wina akamajambula adziwitse a mfumu ndi apolisi a mderalo. Anthu akaona gulu la anyamata likuthamangitsa wa njinga ndi mfuti safunsa kuti kamera ili kuti, amatola miyala.

Msungichuma wa banki mkhonde: Sisi, ngongole munatenga ndinu, gulu silidziwa filimu. Pitani pa msonkhano wa sabata ino mukanene poyera, mupemphe kubweza pang'onopang'ono, osadikira Disembala akudzereni kudzanyamula mbaula ndi matilesi. Ndipo ulendo wina ndalama ya chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi isamalowe mu chinthu chotenga miyezi inayi chisanabweze tambala.

Ndinali pomwepo: Ine ndinali benchi yachitatu tsiku lija, ndipo ndinaseka nawo, pepani. Koma pali chimene simunanene. Gawo lothamangitsana mumsika, mnyamata akudumpha mabenchi a tomato n'kulowa m'kanjira ka pakati pa ma shopu, anthu anasiya kuseka, ana anaimirira n'kumakuwa kuti "thawa! thawa!" Pamene anagwira bwana wa zigawenga tinawomba m'manja zenizeni. Iye anali atatuluka kale nthawi imeneyo. Palibe amene anapempha K500 yake, ndipo anthu anakhala mpaka maina atatha.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndabweranso. Usiku wathawu ndinamutengera tiyi kuchipinda, ndinamuuza kuti ndinanama za nsanje, maliro aja analidi oseketsa ndipo nanenso ndinaseka. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ankadziwa za mimba ija koma batire inali itatha ndipo "malemu" anali akuthamangira ku shifiti ya ulonda. Tinaseka tonse, koyamba chichitikireni. Ndinamuwerengera ndemanga ya amene anali benchi yachitatu, anandilanda foni n'kuiwerenga yekha kawiri. Za DJ akuti gawo la maliro sapereka zivute zitani, koma zotsalazo angalole ngati mawuwo akalembere limodzi ndipo iye akhale pomwepo pojambula. A DJ ayankha kuti popanda maliro atsitsa mtengo kufika K80,000. Kwa mtsikana uja ndinapita, mayi ake akuti tibwere Loweruka bambo ake akakhalapo. A ku Mzuzu, akufunsa kuti nsungwi ija italike bwanji, ndipo foniyo aikulunge ndi chiyani kuti isamagwire mphepo?