Pinot noir wa 2005 uyu wakhwima kapena wawonongeka?

Abale ndithandizeni, makamaka inu amene mumagwira za vinyo m'malesitilanti. Abwana anga kuno ku Cape Town anandipatsa mabotolo awiri a Gevrey-Chambertin a 2005, vinyo wofiira wa mphesa za pinot noir wa ku Burgundy ku France, chaka chimene mphesa zinachita bwino kwambiri kumeneko. Dzulo tinatsegula limodzi ndi alamu anga ndipo mpaka pano mutu wanga sukugwira.

Cork, chotsekera botolo chija, inathyoka pakati potsegula. Mtundu wa vinyoyo ndi wofiira mopepuka, m'mphepete mwa galasi ukuoneka ngati njerwa yootcha. Koma fungo ndiye landizunguza, likumveka bowa, masamba onyowa, ngati dothi mvula yoyamba ikangogwa, kenako ma cherry ouma chapatali. Alamu akuti wavunda titaye, ine ndakana chifukwa mkamwa ndi wofewa bwino, kowawasa pang'ono, sakuumitsa lilime ngati vinyo wa Cabernet, ndipo kukoma kwake kumakhalitsa ukameza. Ndimadziwa kuti vinyo amene cork yamuwononga amanunkha ngati katoni yonyowa, uyu ayi ndithu.

Chandidandaulitsa nchoti tinamuthira mu decanter, botolo lagalasi lothiramo vinyo kuti alowe mpweya, ndiye patatha mphindi ngati 40 fungo la zipatso lija linathawiratu. Kodi ndinalakwitsa pamenepa?

Botolo lachiwiri sindikufuna kuliwononga. Ndiliimike kaye tsiku lathunthu kuti masese akhale pansi kenako ndizingothira mugalasi? Madigiri 16 ali bwino kapena ndiziziritseko? Nanga ndilisungebe kapena zaka zake zakwana timwe basi?