Feng shui m'nyumba ya lendi ku Chibavi: ndiyambire pati?

MayiWaAtatu

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za feng shui, njira ya ku China ija yokonzera m'nyumba. Nyumba yake ndi ya lendi ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu: zipinda zogona ziwiri, pabalaza ndi kakhitchini. Khomo lakumaso layang'anizana ndendende ndi lakuseri, moti ukaima pakhonde umaona mpaka pachingwe choyanikapo zovala. Pabalaza pali mipando ya sofa, disipule, matumba 6 a chimanga, njinga, ndi makatoni omwe sanatsegulidwe chisamukire. Chipinda chogona ndi mamita 3 mbali zonse, bedi ndi la dabulo, wadirobu ili ndi galasi lalikulu. Mvula ikangoyamba, nsapato ndi zikwama zimachita chuku. A landilodi salola kugumula kapena kupenta. Ndiyambire pati? Nanga kasupe wamadzi wapatebulo ndi timabelu tolira ndi mphepo, n'zoyeneradi kugula?

Anganga_Katoto

Amayi, ndalamayo isungeni kaye. Feng shui yonse yatsamira pa chomwe eni ake amachitcha qi, mphamvu imene amati imalowera pakhomo n'kumazungulira m'nyumba. Ikathamanga kwambiri siipindulitsa, ikaima malo amodzi imavunda. Kaya za mphamvuzo mukuzikhulupirira kaya ayi, mudzaona kuti pomwe iwo amati qi yaima ndi pomwe pamayambira chuku: kuseri kwa makatoni, pansi pa bedi, pakona pa matumba. Kuno mvula imachedwa kusiya, ikasiya kumabwera kowaza ka mu Juni ndi Julayi, ndiye makoma sauma msanga. Chotsani katundu kaye, zosuntha mipando zibwere pambuyo.

Yambirani pakhomo. Chitseko chizitseguka mpaka kukafika kukhoma osagunda kanthu. M'nyumba zambiri kuseri kwa chitseko ndi kumene kumakhala tsache, mopu, maambulera ndi nsapato za banja lonse, chitseko n'kumangotseguka theka, mlendo kulowa cham'mbali. Zonsezo zichoke. Pakhomo patsale peyala imodzi ya nsapato pa munthu aliyense, pa kashelefu kopanda chitseko kuti zizipitidwa mphepo. Mahinjesi akamalira donthezerani mafuta a makina osokera. Njinga ichoke panjira, itsamire khoma lomwe anthu sadutsako.

Makatoni atulutseni imodziimodzi, tsiku loti kuli dzuwa, mukhuthulire pamphasa panja. Milu ikhale itatu basi: zogwiritsa ntchito, zopereka kapena kugulitsa, zotaya. Mulu wachinayi wa "tidzaona" musaulole, ndi umene umabwereranso m'katoni. Chovala chomwe chadutsa nyengo yozizira ndi yotentha osavalidwa, chimenecho chipite. Wotchi yapakhoma yoima, wailesi yakufa, makapu oduka zogwirira, zimenezi feng shui imazikana kwambiri. Zipatseni sabata imodzi kuti zikafike kwa okonza, zikalephera zichoke. Zopereka zituluke tsiku lomwelo, chifukwa zikagona pabalaza ana amayamba kuzitolanso. Kupatula katundu wa malemu: ameneyo musaweruze nokha, itanani achibale, mungadzaputire mlandu pa sutikesi imodzi.

Zotsala musazibwezere m'katoni ya pepala. Imamwa chinyontho cha pasimenti ndipo mphemvu zimaswanirana m'menemo. Ikani m'mabokosi a pulasitiki a chivindikiro, koma ziyambe zauma gwa, chifukwa chonyowa ukachitsekera chuku chimakulira mkati momwemo. Khoma lachuku pukutani ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 10 a madzi, mazenera ali otsegula. Nsapato zachikopa ndi zikwama pukutani ndi viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, muziumike pamthunzi podutsa mphepo. Jik ndi viniga musaphatikize m'beseni limodzi, zimatulutsa mpweya wa poizoni.

Za makomo oyang'anizanawo, feng shui imati cholowa kumaso chimangotulukira kuseri osakhazikika. Chofunika ndi kukhotetsa njira, osati kutseka. Disipule yanuyo itembenuzeni kuti mbali yake yopapatiza ikhudze khoma, ibise khomo lakuseri pang'ono, koma musiye mpata wa masentimita 90 podutsa. Katani yolemera pakhomo lolowera kukhitchini imagwiranso ntchito yomweyo. Musatsekeretu. Mphepo yodutsa pakati pa makomo awiriwo ndi imene ingaumitse nyumba yanu, ndiye cha m'ma 10 koloko mmawa, nkhungu ikayera, muzitsegula onse awiri kwa theka la ola.

Kalipentala_Luwinga

Za kuchipinda ndiyankhe ine, mayi, ndi tepi m'manja. Lamulo la bedi ndi lakuti mutu utsamire khoma lopanda zenera, ndipo wogona aziona khomo koma mapazi asaloze khomolo mwachindunji. Ku China amadana ndi kagonedwe koloza mapazi kukhomo chifukwa ndi momwe amatulutsira maliro. Kwa ife, bedi lotere limalandira mphepo yonse ndi kuwala kwa pabalaza chitseko chikangotseguka.

Matiresi a dabulo ndi masentimita 137 m'lifupi, 188 m'litali. Pamodzi ndi matabwa ake bedi limafika pafupifupi 145 ndi 200. Chipinda chanu ndi 300. Mukaika wadirobu kumapazi, patsala 100, wadirobu idya 55 mpaka 60, podutsa patsala 40, zitseko zake sizitseguka bwino ndipo galasi likuyang'anani usiku wonse. Iikeni kumbali. Gawani motere: 45 pakati pa khoma ndi bedi, 145 bedi, 50 pakati pa bedi ndi wadirobu, 55 wadirobu, 5 kuseri kwake. N'zothina ndithu, koma aliyense amatsikira mbali yake osadumpha mnzake, ndipo neti mumatha kuipisira mbali zonse zinayi. Bedi lokanikizidwa kukhoma ndi limene limasiya neti yolendewera kukhomako, udzudzu n'kulowera pomwepo, matiresi nawo n'kuda mbali imeneyo.

Galasi lisamaonetse munthu wogona. Njira yaulere ndi kulivindikira ndi chitenje usiku. Yokhalitsa ndi kuti kalipentala alimasule n'kulimanga mkati mwa chitseko cha wadirobu, ntchito yosakwana ola.

Wadirobu itsamire khoma la mkati mwa nyumba, osati lakunja, chifukwa lakunja limazizira usiku ndipo chinyontho chimakhala kuseri kwa bolodi. Masentimita 5 aja musawanyoze. Booletsani timabowo 6 ta masentimita awiri ndi theka pabolodi lakumbuyo, titatu m'mwamba titatu m'munsi, mukhomepo kawaya ka sefa kuti mphemvu zisalowe. Ngati ndi ya chipboard ndipo yakhala pasimenti popanda miyendo, ikhazikeni pa timatabwa, apo ayi ifufuma kuyambira pansi ndipo siibwereranso. Mukafuna mashelefu, paini wa ku Chikangawa ndi wokwanira, bola akhale wouma. Thabwa laliwisi limapindika likamaumira m'nyumba.

Pansi pa bedi pakhale mbee. Malo akavutitsitsa, ikanipo bokosi limodzi la mabulangete basi, osati nsapato, mapoto kapena mapepala. Ngati chipinda chilibe siling'i, yang'ananinso kumwamba: feng shui imakana kugona pansi pa mtanda wa denga, ndipo usiku wozizira malata amachita thukuta, madzi n'kumadontha motsatira mitanda yomweyo. Sunthani bedi kuti mutu ukhale pakati pa mitanda iwiri.

Mphunzitsi_Zolozolo

Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma chenjerani ndi malangizo a mbali za dziko omwe mungawapeze pa intaneti. Ambiri amati nyumba yabwino iyang'ane kum'mwera, phiri likhale kumbuyo kwake kumpoto, madzi kutsogolo. Forbidden City, nyumba yakale ya mafumu ku Beijing, inamangidwa motero, ndipo phiri la Jingshan lili kumpoto kwake. Chifukwa chake n'chomveka: China ili kumpoto kwa equator, dzuwa la nyengo yozizira limadutsira kum'mwera, mphepo yozizira imachokera kumpoto. Mzuzu ili madigiri pafupifupi 11 ndi theka kum'mwera kwa equator. Kuyambira chakumapeto kwa Febuluwale mpaka Okutobala dzuwa la masana limakhala chakumpoto, ndipo mwera umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Wotsatira lamulo la ku China osalitembenuza amaika mipando ndi zogona kumbali yozizira n'kutseka zenera la dzuwa ndi disipule. Akatswiri a feng shui eni ake amatsutsana pa nkhani yotembenuzayi. Ine ndikuti tsatirani dzuwa lanu. Zenera lakumpoto ndi lakum'mawa musaikepo kanthu, makatani muziwakokera m'mbali kukangocha, ndipo pokhala anthu kapena tebulo lowerengerapo ana likhale chapafupi. Khoma lakum'mwera ndi limene muziliyang'anira chuku.

Pa nyumba ya lendi simungasinthe komwe khomo layang'ana, ndiye kampasi yawo ija, luopan, ilibe ntchito kwa inu. Chosavuta ndi bagua, mapu ogawa nyumba m'zigawo, yoyambira pakhomo, yomwe inafala ku America m'zaka za m'ma 1980. Jambulani nyumba papepala, muigawe m'mabokosi 9, atatu atatu, khoma la khomo lakumaso likhale m'munsi. Mzere wakutali ndi khomo, kumanzere ndi chuma, pakati mbiri, kumanja banja la awiri. Mzere wapakati, kumanzere ndi makolo ndi achibale, pakati thanzi, kumanja ana. Mzere wa pakhomo, kumanzere maphunziro, pakati ntchito, kumanja anthu okuthandizani ndi maulendo. Sindingakulonjezeni kuti kusesa kona ya chuma kubweretsa ndalama. Phindu lomwe ndikuliona ndi lakuti mabokosi 9 amagawa ntchito: bokosi limodzi pa Loweruka, m'malo mogwetsa nyumba yonse tsiku limodzi n'kutopa pakatikati. Ndipo zonsezi sizifuna mapemphero, zithumwa kapena mafano. Amene zimenezo zimawavuta pa chikhulupiriro chawo angathe kuzisiya n'kutenga za kaikidwe ka katundu zokha.

MayiWaAtatu

Zikomo kwambiri nonse. Ndajambula, ndipo kona ya chuma ya pabalaza ndi pomwe pali matumba a chimanga. Ndiwachotse? Za kasupe uja simunanenepo, komanso kukhitchini hotipuleti yagundana ndi sinki.

Anganga_Katoto

Kasupe musagule. Feng shui yomweyo imati madzi oyenda ndi abwino, oima ndi oipa. Magetsi akazima pampu imaima, ndipo udzudzu umatha kuchoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10. Nyumba yomwe ikulimbana kale ndi chinyontho siifunanso madzi pabalaza. Madzi ofunika kuwasamala ndi omwe muli nawo kale: mpopi wodontha usinthidwe washa, ndowa ndi zigubu zosungira madzi zikhale zovindikira pamalo amodzi, chitseko cha kubafa chizikhala chotseka. Timabelu sitivulaza munthu, kungoti mwera ukamawomba usiku aneba a mpanda umodzi adzakudandaulani.

Kukhitchini amatsatira zinthu zisanu: mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi. Madzi amazimitsa moto, ndiye awiriwa asagundane. Pakati pawo pamalowa mtengo, poti madzi amameretsa mtengo, mtengo n'kuyatsa moto. Sunthani hotipuleti italikirane ndi sinki masentimita osachepera 60, pakatipo pakhale thabwa lodulirapo ndiwo. Ngakhale wamagetsi angakuuzeni chimodzimodzi, madzi othovokera pa soketi si masewera. Ngati pophika mumafulatira khomo ndipo malo salola kutembenuka, kagalasi kakang'ono pakhoma, patali ndi moto, kamakuonetsani mwana akamalowa inu mutanyamula poto wotentha. Mbaula yokha isalowe m'chipinda chogona ngakhale kuzizire bwanji mu Julayi. Makala amatulutsa mpweya wosanunkha, wosaoneka, umene umapha anthu ali m'tulo. Muziyatsira ndi kuphikira pakhonde kapena pamalo otseguka.

Kalipentala_Luwinga

Matumbawo asiyeni pomwepo, mayi, ngati khomalo silinyowa. Chimanga n'chuma kale, cholakwika ndi kagonekedwe. Khometsani kathandala ka matabwa, masentimita 120 m'litali, 100 m'lifupi, kotalika 15 kuchokera pansi, matabwa ake otalikirana zala ziwiri kuti mphepo izidutsa. Matumba a makilogalamu 50 muwasanje awiriawiri mizere itatu, mzere uliwonse wopingasa pa unzake kuti asagumuke. Kukhoma kusiyeni mpata woti tsache lizilowa, chifukwa thumba logunda khoma ndi limene limayamba kuola ndipo makoswe amabisala kumeneko. Chimangacho chikhale chouma, cholira ukachiluma, ndipo chikhale chothira mankhwala a anankafumbwe kapena cha m'matumba a PICS omanga bwino pakamwa. Mukafuna kubisa, kokani katani pawaya kutsogolo kwake, koma musavindikire ndi pepala la pulasitiki, limasunga thukuta mkati. Pamwamba pa matumba pasakhale sutikesi kapena mapoto, mukatero simudzawasunthanso. Kamodzi pa mwezi tsitsani thumba lapansi, mupise dzanja mkati mumve ngati mukutentha, muonenso ngati pathandala pagwa kaufa.